Ulendo Woyamba ku Chionetsero cha Makobidi: Zimene Mukakumane Nazo ndi Kagulidwe Kake

Munthu amene wangoyamba kutolera ndalama zachitsulo akalowa koyamba mu holo ya chionetsero, mutu umayamba wazungulira. Matebulo ali m'mizeremizere, patebulo lililonse pali mabokosi agalasi okhoma ndi nyali yopinda khosi, ndipo m'mabokosimo makobidi angoti mbwee, ena m'timakatoni toboola pakati, ena otsekeredwa m'pulasitiki wolimba. Anthu awerama, kagalasi kali padiso, akutchulirana zilembo ndi manambala amene simunawamvepo chibadwire. Ndalama zimene mwakhala mukusunga miyezi yonseyi zimayamba kuyabwa m'thumba. Ambiri amapunthwa pomwepa: amagula patebulo loyamba, ndipo pofika pa lachisanu apeza khobidi lomwelo, looneka bwino kuposa lawo, pamtengo wotsikirapo.

Ku chionetsero munthu amagula ndi diso lake. Khobidi lili pamaso panu, mukhoza kulitembenuza mmene mukufunira, ndipo mukalakwitsa mwalakwitsa nokha. Vuto n'lakuti diso la woyamba kumene limakhala lisanaphunzire kusiyanitsa chabwino ndi chongowala. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yolipatsa disolo mpata wophunzira ndalama zisanathe.

Musanachoke kunyumba

Dziwani kaye kukula kwa chionetsero chimene mukupitako. Zilipo zing'onozing'ono za tsiku limodzi, zokonzedwa ndi makalabu a otolera, za matebulo makumi angapo. Zilipo zikuluzikulu za masiku angapo, monga World Money Fair ya ku Berlin, FUN ya ku Florida imene imachitika mu Januwale, Coinex ya ku London, ndi World's Fair of Money ya American Numismatic Association, bungwe la otolera makobidi limene linayamba mu 1891. Ku zoterezi kumafika amalonda ambirimbiri, makampani a okushoni, ngakhalenso mafakitale aboma osula ndalama. Kwa woyamba, chaching'ono n'chabwino: ogulitsa amakhala ndi nthawi yocheza, ndipo katundu wawo ndi wa msinkhu wa thumba lanu. Onaninso nthawi yotsegulira. Zionetsero zambiri zimalola amalonda ndi olipira mwapadera kulowa khamu lisanalowe, choncho zina zosowa zimakhala zitapita kale inu musanafike. Tsiku lomaliza ogulitsa ena amayamba kulongedza dzuwa likadali pamutu, makamaka ochokera kutali, ndipo wofika madzulo a tsikulo amapeza matebulo ali mbee.

Kenako sankhani gawo limodzi loti mukaliyang'ane. Palibe amene amadziwa makobidi onse. Ena amatolera a Aroma, ena a dziko limodzi, ena a mfumu imodzi, ena okhala ndi zithunzi za nyama kapena zombo. Mukapita opanda gawo, chilichonse chonyezimira chidzakukokani. Lembani papepala makobidi asanu kapena khumi amene mukufuna, ndipo pambali pa lililonse mulembe kulemera kwake m'magalamu, kukula kwake m'mamilimita, ndi mtengo umene lagulitsidwa posachedwapa. Mtengo wa m'mabuku ndi wongoyerekeza. Wodalirika ndi umene anthu alipiradi pa okushoni, ndipo makampani akuluakulu a okushoni amaika zotsatira zawo pa intaneti.

Zida n'zochepa. Chachikulu ndi kagalasi kokulitsira zinthu, kamene amalonda amati loupe. Kokulitsa kasanu kapena kakhumi n'kokwanira. Kamphamvu kuposa apo kamaonetsa kamzere kalikonse ngati ngalande, mpaka mungakane khobidi labwino popanda chifukwa. Onjezani kasikelo ka m'thumba kowerenga mpaka 0.01 ya galamu, maginito amphamvu, kope ndi cholembera, foni yodzaza moto, ndi nsapato zosaluma, chifukwa mudzaima maola ambiri.

Malire a ndalama muikiretu kunyumba mtima uli m'malo, ndipo mutenge zomwezo basi. Ogulitsa ambiri amakonda kulandira ndalama pamanja, popeza khadi la kubanki limawadula kangachepe pa malonda aliwonse, ndiye wolipira kashi amamvedwa bwino ikafika nthawi yonenerera.

Ola loyamba, manja m'thumba

Mukalowa, zungulirani holo yonse musanagule kanthu. Pamene mwaona chokusangalatsani, lembani nambala ya tebulo ndi mtengo, n'kupitirira. Mudzaona kuti amalonda sali ofanana. Uyu amagulitsa golide ndi siliva woyezera pasikelo, uyo ali ndi za Agiriki ndi Aroma zokhazokha, wina wakhuthula mabokosi a zosakanikirana, winanso ali ndi makobidi makumi awiri okha m'galasi, lililonse pamtengo wa galimoto. Ena amagulitsa ndalama zamapepala, mamendulo, mabuku ndi zosungiramo. Ngati pali malo amene otolera akale aikapo makobidi awo kuti anthu angoona, imanipo nthawi ndithu. Kumeneko ndi kumene mungaone maonekedwe a khobidi limene silinakhudzidwepo ndi munthu wolikonza, ndipo chithunzi chimenecho mudzachifuna m'mutu mukayamba kugula.

Mtima umanena kuti mukachoka wina alitenga. Nthawi zina zimaterodi, koma makobidi amene woyamba amagula anasulidwa mamiliyoni, ndipo lina lilipo mzere wotsatira. Ngati mwalikondadi, pemphani wogulitsa akusungireni kwa theka la ola. Ambiri amavomera. Inu mubwerere kukawauza, kaya mukugula kaya mwasintha maganizo.

Ulemu wa patebulo

Patebulo pali malamulo osalembedwa, ndipo wogulitsa amakuyezani nawo musanayankhule n'komwe. Musatsegule bokosi lagalasi nokha, ndipo musaike chikwama, chakumwa kapena chigongono pamwamba pake, chifukwa mukutchinga katundu amene ena akufuna kuona. Lozani ndi kupempha: "Pepani bambo, ndingaone nawo lachitatu ilo mzere wapamwambawo?" Onani limodzi, mubweze, kenako mupemphe lina. Manja anu ndi khobidilo zikhale pamwamba pa tebulo nthawi zonse pamene mwini wake akuona. Amalonda awa anaberedwapo, choncho munthu wotsitsira dzanja kumwendo atagwira katundu wawo amawaimitsa mtima, ngakhale akungofuna foni. Ngati mwabwera ndi makobidi anu, auzeni musanawatulutse kuti pasakhale kusokonekera.

Khobidi limene silili m'chosungira limagwiridwa m'mphepete, pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, pamwamba pa kansalu kofewa kamene kamakhala patebulo. Nkhope yake musaikhudze: thukuta la chala limasiya chidindo chimene pakapita nthawi chimadya chitsulo ndipo sichichokanso. Musayankhulire pamwamba pake, kadontho ka malovu kamasanduka banga. Musalitulutse m'katoni musanapemphe, ndipo musalijambule musanapemphe.

Wina akamakambirana mtengo ndi wogulitsa, dikirani pambali osalowerera, ngakhale mukuona kuti mmodzi akulakwitsa. Ndipo kugula kwa munthu amene wabweretsa makobidi ake kudzagulitsa patebulo la wina, pamaso pa mwini tebulo, ndi chipongwe chachikulu. Iye walipira malowo.

Kunena kuti ndinu watsopano musachite nako manyazi. Safunsa anadya phula. Wogulitsa wanzeru amadziwa kuti wogula zazing'ono lero ndiye wogula zazikulu zaka zisanu zikubwerazo, ndipo adzakufotokozerani. Amene wakuyankhani mwamwano wakuthandizani kudziwa tebulo loti musabwererepo.

Kuona khobidi: kutha kwake ndi kutsukidwa kwake

Apa ndi pamene pagona mtengo. Makobidi awiri a chaka chimodzi, a fakitale imodzi, akhoza kusiyana mtengo kakhumi kapena kuposa chifukwa cha mmene aperesekera. Amalonda ambiri amagwiritsa ntchito mulingo wa manambala kuyambira 1 mpaka 70, umene William Sheldon anaukonza mu 1949 poyezera masenti akuluakulu akale a ku America, pambuyo pake n'kufalikira ku makobidi ena onse. Manambalawo amayenda ndi zilembo, kuyambira pa lotha kwambiri kukwera m'mwamba: G, VG, F, VF, XF, AU, kenako MS kuyambira 60 mpaka 70 kwa khobidi limene silinayendepo m'manja mwa anthu. Mayina akewo amanyenga. G ikuimira mawu achingerezi otanthauza "labwino", koma khobidi la G-4 ndi lotha moti chithunzi chatsala mthunzi chabe. Ku Britain ndi kumayiko ena ambiri a ku Ulaya amakondabe mawu opanda manambala, ndipo EF (mmene iwo amalembera XF) ya wamalonda wa ku London ikhoza kukhala yokhwima kuposa XF ya wa ku America.

Giredi, kutanthauza zilembo ndi nambala zija, imene yalembedwa pakatoni ndi maganizo a amene akugulitsa. Si bodza, koma mwini katundu sauchepsa. Inu yang'anani motere. Yambani ndi maso okha, khobidi lili pansi pa nyali, mulipendeketse pang'onopang'ono uku ndi uku. Kupereseka kumayambira pamalo otukuka: tsitsi la pamwamba pa khutu, tsaya, nthenga za pachifuwa cha mbalame, nsonga za chisoti. Malo amenewo akasalala kapena kusintha mtundu, khobidilo linayendapo, kaya pakatoni alembapo chiyani. Kenako onani kuwala kwake. Khobidi longochoka m'chosulira limakhala ndi kuwala kumene kumazungulira ngati masipoko a gudumu mukamalipendeketsa. Kuwala kumeneko kumabwera chifukwa cha mmene chitsulo chinayendera pomenyedwa, ndipo kukachoka palibe mankhwala okubwezera. Mukatha apo tengani kagalasi, muone mbali zonse ziwiri, ndipo musaiwale m'mphepete, mmene mumabisala zophwanyika, zofeledwa, ndi zipsera za pamene panali kakolowekero ka mkanda.

Msampha waukulu wa woyamba ndi khobidi lotsukidwa. Ine la siliva loyamba ndinalisankha chifukwa linkawala kuposa onse m'bokosimo, ndipo ndinanyadira kuti ndaposa anzanga maso. Patapita miyezi wotolera wina wachikulire analiika pansi pa nyali, n'kulipendeketsa kamodzi kokha. Nkhope yonse inali timizere tating'onoting'ono toyenda mbali imodzi, ntchito ya nsalu ndi polishi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Kwa otolera, khobidi lotsukidwa ndi lovulala, ndipo mtengo wake umagwa kwambiri.

Zizindikiro zake n'zosavuta mukazidziwa. Timizere toyenda mbali imodzi. Kuwala kofanana paliponse ngati kwa supuni, kosazungulira. Litsiro lakuda lotsalira m'makona a zilembo pamene pabwalo pali poyera. Ndipo chachikulu: khobidi lopereseka koma lowala. Ziwirizi siziyendera limodzi, chifukwa siliva amene wayenda m'manja zaka zambiri amakhala wotuwa. Mtundu umene chitsulo chimatenga ndi zaka, wotuwa kapena wagolide pa siliva, wakhofi pa kopa, otolera amaukonda ndipo ena amaulipira moonjezera. Chifukwa cha chimenecho aliponso amene amaupanga dala ndi mankhwala kapena moto. Mitundu yolimba yofiirira ndi yabuluu yokhala ngati yangopakidwa pamwamba muikayikire.

Funsani mosapita m'mbali: "Kodi ili linatsukidwapo?" Wogulitsa woona mtima amayankha. Mukamva zozungulira, libwezeni mwaulemu.

Lenileni kapena labodza

Amalonda ambiri a ku zionetsero ndi anthu amene dzina lawo ndilo chuma chawo, ndipo sagulitsa zabodza mwadala. Komabe zabodza zimalowa, nthawi zina mwini tebulo osadziwa. Sikelo ndiyo mboni yoyamba. Dola yasiliva ya Morgan ya ku America, yosulidwa kuyambira 1878 mpaka 1904 ndiponso mu 1921, imalemera magalamu 26.73 ndipo ndi yaikulu mamilimita 38.1. Krugerrand, khobidi lagolide la ku South Africa limene linayamba mu 1967, imalemera magalamu 33.93. Khobidi lopereseka limapepukirako pang'ono, koma likasiyana ndi galamu yathunthu pali nkhani. Pemphani chilolezo musanayeze. Wogulitsa wabwino sakana.

Maginito ndi mboni yachiwiri, bola mudziwe chimene mukuyeza. Golide, siliva ndi kopa sizimata ku maginito, choncho "dola yasiliva" imene yamata ndi yabodza basi. Koma makobidi enieni ena amamata, monga ambiri amakono achitsulo chokutidwa, ndi masenti a ku America a 1943, amene anasulidwa ndi chitsulo chifukwa kopa ankafunika kunkhondo. Chaka chimenecho ochepa kwambiri anasulidwa ndi kopa mwangozi ndipo ndi odula koopsa, ndiye achinyengo amakuta achitsulo aja ndi kopa. Maginito amawaulula nthawi yomweyo. Pa golide, sikelo ndi maginito sizikwanira, chifukwa chitsulo chotchedwa tungsten chimalemera pafupifupi chimodzimodzi ndi golide. Golide mugule kwa wamalonda wodziwika amene ali ndi makina oyezera.

Zabodza zothiridwa m'chikombole zimaoneka ndi timaenje ngati ta thovu pankhope, zilembo zofooka zokhala ngati zasungunuka, ndi kamsoko kozungulira m'mphepete. Zovuta kwambiri ndi makobidi enieni amene asinthidwa. Kachilembo kakang'ono kosonyeza fakitale, monga S ya San Francisco, D ya Denver kapena CC ya Carson City, kakhoza kusintha mtengo kwambiri. Ma dime (makobidi a masenti 10 a ku America) a 1916 a ku Denver anasulidwa 264,000 okha, pamene a ku Philadelphia, amene alibe kachilembo, anaposa 22 miliyoni. Ndiye munthu amatenga la Philadelphia n'kumatapo D. Chimodzimodzi senti ya ku America yotchedwa 1909-S VDB (VDB ndi zilembo zoyamba za dzina la amene anaijambula), imene anasula 484,000. Makobidi otchuka chonchi woyamba asawagule ali pakatoni wamba, ngakhale mtengo utakoma bwanji. Ndipotu kukoma kwa mtengoko ndiko chenjezo: m'holo yodzaza akatswiri, chinthu chosowa sichikhala chotchipa mpaka masana kudikira inu.

Chaka cholembedwa pakhobidi nachonso chimasocheretsa. Thaler ya Maria Theresa, ndalama yasiliva ya ku Austria, imalembedwa 1780, chaka chimene mfumukaziyo inamwalira, koma yakhala ikusulidwa ndi chaka chomwecho kuchokera nthawi imeneyo, ku Vienna ndi m'mafakitale ena monga a London, Paris ndi Bombay. Si yabodza, ndi siliva weniweni, koma ambiri mwa amene mungawaone ndi a zaka za m'ma 1900. Ndipo ukale pawokha si mtengo. Timakobidi tamkuwa ta Aroma ta m'zaka za m'ma 300, ta nthawi ya mfumu Constantine ndi ana ake, timapezeka tambirimbiri m'nthaka moti tambiri ndi totchipa kuposa makobidi ena a zaka zana zapitazo.

Otsekeredwa m'pulasitiki

Mudzaona makobidi ambiri ali m'tizikwama tolimba tomatidwa, tokhala ndi kapepala ka giredi ndi nambala. Amalonda amati slab. Makampani awiri amene msika umawakhulupirira kwambiri ndi PCGS, imene inayamba mu 1986, ndi NGC, ya mu 1987. Iwo amatsimikiza kuti khobidi ndi lenileni n'kulipatsa giredi. Kwa woyamba amene akugula chinthu chodula, ichi ndi chitetezo chabwino, koma chili ndi malire ake.

Lowetsani nambalayo pa webusaiti ya kampaniyo muli patebulo pomwepo, ndipo ngati pali chithunzi muchiyerekeze ndi chimene chili m'manja mwanu, chifukwa tizikwama tabodza natonso tilipo. Mukaona mawu akuti Details pakapepala, ndiye kuti khobidilo ndi lenileni koma lili ndi vuto, monga kutsukidwa, kukandika kapena kuboola, ndipo mtengo wake uyenera kukhala wotsika. Kachikwama ka kampani yosadziwika kolembedwa MS-70 mukatenge ngati katoni wamba. Komanso makobidi awiri a MS-63 safanana: lina limakoma m'maso, lina lili ndi banga patsaya penipeni. Wogula nambala yokha amadzazindikira zimenezi tsiku logulitsa. Kutsekera khobidi kumalipiridwa, choncho lotchipa likakhala m'kachikwama koteroko, gawo lalikulu la ndalama zanu likugula pulasitiki.

Kunenerera

Mtengo wolembedwa nthawi zambiri ndi poyambira, ndipo wogulitsa amayembekezera kuti mufunsa. Njira yosavuta ndi iyi: "Ili ndalikonda. Mtengo wanu womaliza ndi uti, ndikalipira kashi?" Mudzaona akutembenuza katoni kuyang'ana kumbuyo. Zilembo zosamveka zimene zili kumeneko ndi chinsinsi chawo chowakumbutsa ndalama zimene analigulira. Akatchula mtengo, mukhoza kuvomera, kutchula wanu woyandikira, kapena kuthokoza n'kupita. Kutchula theka la mtengo ndi kutseka nkhani. Kunyoza khobidi kuti litsike nakonso sikugwira. Ngati ndi loipa chotero, mukulifuniranji? Koma kuloza vuto lenileni mwaulemu, monga kuphwanyika kwa m'mphepete, n'kololedwa. Mukatola atatu kapena anayi patebulo limodzi, funsani mtengo wa onse pamodzi, pamenepo ndi pamene amatsitsa mosavuta. Ndipo mukatchula mtengo wanu iwo n'kuvomera, mwagula. Kubwerera m'mbuyo pamenepo kumaipitsa dzina, ndipo amalonda a m'holo imodzi amadziwana.

Kumbukirani kuti wogulitsa walipira tebulo, ulendo, malo ogona ndi inshuwalansi, ndipo amagula motsika kuti agulitse mokwera. Khobidi limene mwagula m'mawa, mukalipereka patebulo lina masana adzakupatsani zocheperapo. Umenewo si umbava, ndi mmene malondawa amayendera, ndipo n'chifukwa chake kutolera makobidi si njira yopezera phindu lamsanga.

Pa golide ndi siliva wogulitsidwa chifukwa cha chitsulo chake, mpata wonenerera ndi wochepa, chifukwa phindu la wogulitsa ndi lochepa kale. Apa chofunika ndi masamu. Mtengo wa zitsulozi umatchulidwa pa aunsi ya troy, imene ndi magalamu 31.1, ndipo umasintha tsiku lililonse. Uoneni pafoni m'mawa womwewo. Dola ya Morgan ija ndi siliva 90 peresenti, ndiye mwa magalamu 26.73 aja siliva ndi 24.06, kapena kuti 0.77 ya aunsi. Chulukitsani ndi mtengo wa tsikulo, mwapeza pansi pa mtengo wake. Zonse zapamwamba pa apo mukulipirira kusowa ndi kukongola. Ma dime, ma quarter (masenti 25) ndi ma half dollar (masenti 50) a ku America a 1964 kubwerera m'mbuyo ndi siliva 90 peresenti. Makobidi asiliva a ku Britain anali 92.5 peresenti mpaka 1919, anatsika kufika 50 peresenti kuyambira 1920 mpaka 1946, ndipo kuyambira 1947 mulibenso siliva. Shilingi ya 1946 ndi ya 1947 zimaoneka ngati mapasa, koma m'kati n'zosiyana.

Ngati mungamve langizo langa limodzi pa kagawidwe ka ndalama, ndi ili. Gawo laling'ono mukaliwonongere pa bokosi la zosakanikirana, lija lolembedwa mtengo umodzi pa khobidi lililonse. Kokani mpando, mufukule modekha. Mukagwira makobidi mazana awiri pa ola limodzi, zala ndi maso zimaphunzira zimene buku silingaphunzitse, ndipo kulakwitsa kwake n'kotchipa. Zotsalazo mugulire khobidi limodzi kapena awiri abwino, opanda vuto, m'malo mwa khumi ovulala.

Lisiti, khomo, ndi kunyumba

Pemphani lisiti lolembedwa dzina la wogulitsa, mmene mungawapezere, dziko ndi chaka cha khobidi, giredi imene anena, ndi mtengo. Funsani musanalipire ngati amalola kubweza. Ku zionetsero malonda ambiri amathera pomwepo, popeza munaliona nokha, koma wamalonda wolongosoka amabweza ndalama khobidi likadzapezeka labodza. Amene ali m'mabungwe a amalonda a makobidi monga PNG ku America, BNTA ku Britain kapena IAPN ya mayiko ambiri amakhala ndi malamulo owamanga ndi kokadandaula. Ngati mungadzafune kubweza, musalichotse m'chosungira chimene munaligulira. Pa makobidi akalekale a Agiriki, Aroma ndi ena ofukulidwa, funsani kumene anachokera ndipo musunge timapepala tonse ta eni ake akale. Mayiko ambiri ali ndi malamulo oletsa kutulutsa kapena kulowetsa zinthu zamakedzana popanda chilolezo, makamaka kuchokera pa pangano la UNESCO la 1970, ndipo mukadutsa malire mapepalawo ndiwo adzakuyankhireni.

Potuluka, vulani baji ya chionetsero musanafike panja, zogula zikhale m'thumba lam'kati, ndipo musaime pamalo oimika magalimoto n'kumaonetsa anzanu. Mbava zimadziwa tsiku la chionetsero ngati mmene inu mukulidziwira. Musasiye chikwama m'galimoto poima panjira.

Kunyumba, yang'anani zosungiramo. Timatumba ta pulasitiki wofewa, tonunkha ngati chidole chatsopano, timakhala ta mtundu wa pulasitiki wotchedwa PVC, imene pakapita nthawi imatulutsa zonanda zobiriwira zodya chitsulo. Amalonda amatigwiritsa ntchito chifukwa sitisweka paulendo, koma si tosungiramo zaka. Samutsirani makobidi anu m'timatumba tolimba topanda PVC kapena m'timakatoni, ndipo mawaya a sitepula muwaphwathitse ndi pulayala kuti asakande khobidi loyandikana nalo. Sungani pouma. Musatsuke, kaya ndi polishi, mandimu, mankhwala otsukira mano kapena nsalu yofewa.

Tsiku lomwelo lembani m'kope chimene mwagula, kwa yani, pamtengo wanji, ndi giredi imene inu mukuiona poyerekeza ndi imene yalembedwa. Pa chionetsero chotsatira tengani limodzi mwa makobidiwo, mulionetse kwa wamalonda wina amene sakudziwa kumene munaligula, ndipo mufunse kuti iye akulipatsa giredi yanji ndi kuti angalipire zingati. Yankho lake mulilembe pamzere womwewo, pambali pa mtengo umene munalipira.